Nshawa za Amalume pa Intaneti

Amalume anga ndi amai anga anaoloka malile kuchokela ku Mozambique nthawi ya nkhondo. Anzawo atabwelela, iwo anatsala ku Msanzala. Amalume ankalima nshawa za chalimbana, zazikulu bwino, koma boma litaleka kugula mbewu m'madepoti anakhala zaka zambili akukangana ndi ogula oyenda ndi sikelo, amene ankafika ndi mtengo wawo wopangilatu.

Ine ndinali ndi kashopu ka fotokope ku Petauke, ndipo ndi kumeneko ndinaphunzila kutsatsa malonda pa intaneti. Loweluka lina amalume anabwela pa njinga kuti ndiwathandize kutsatsa nshawa zawo, nakhala pa benchi pafupi ndi kompyuta, chipewa chili pa bondo. Ndinawafotokozela kuti munthu akalemba mawu ofufuza chinthu, otsatsa amapikisana ngati pa okushoni. Woika mtengo wabwino uthenga wake umaoneka pamwamba, ndipo amalipila pokhapokha munthuyo akadina.

"Njila zilipo ziwili, amalume," ndinatelo. "Tiike tokha mtengo wa kudina kulikonse, kapena tiasiyile makinawa asankhe okha kuti odina achuluke."

"Iwe ukuona bwanji, mwana wanga?"

Ndinasankha makina, chifukwa ndinkafuna kuoneka wodziwa. Odina anachulukadi, koma foni ya amalume sinalile ngakhale kamodzi. Nditayang'ana mawu amene anthuwo ankafufuza, ndinapeza kuti ambili ankafuna kudziwa kaphikidwe ka chiponde ndi ndiwo zotendela. Ndalama imene tinakonzela mwezi wonse inatha sabata lisanathe.

Ndinakwela minibasi kukawauza ndekha. Ndinawapeza pansi pa mtengo wa mango akuswa nshawa ndi akazi awo, ndipo ndinafotokoza zonse maso ali pansi. Amalume sanakalipe. Anangondisunthila lichelo kuti ndithandize kuswa.

"Makinawo unawauza kuti ukufuna anthu ambili, ndiye akupatsa anthu ambili," anatelo. "Ine sindifuna gulu. Ndifuna munthu mmodzi wobwela ndi galimoto."

Anandifunsa kuti wogula weniweni amalemba chiyani. Tinakhala masana onse tikutchula mawu, azakhali akuseka ena. Azakhaliwo ndiwo ananena kuti wofuna zophika salemba "matumba" kapena "mbewu yobzala". Mawu amenewo ndinawalemba kuseli kwa envulopu ya chopeleka cha kutchalitchi. Pa mawu alionse amalume ankatchula okha mtengo umene angalole, wotsika kwambili pa "nshawa", wokwelako pa "matumba a chalimbana".

Uthenga wathu unatsika pansi pa ena, ndipo masiku ena palibe amene ankadina. Ndinkalakalaka kukweza mtengo mobisa, koma sindinatelo. Sabata lachitatu amai ena a ku Kabwe, opanga chiponde cha m'mabotolo, anaimba. Anafika ndi galimoto ya kantala, naluma nshawa imodzi, natenga zonse za m'nkhokwe. Chaka chotsatila anagulanso za mabanja anayi oyandikana ndi amalume.

Amalume anamwalila amai a ku Kabwe aja akadali kubwela chaka ndi chaka. Pamalilo anafika ndi matumba awili a ufa, nagona m'khitchini pamodzi ndi azimai a m'mudzi, ndipo m'mawa ndinawaona akutunga madzi kuchitsime ngati wachibale.