Nkhope Zitatu za Munthu Mmodzi

Mumsewu wa kuseri kwa depoti ya mabasi palibe amene amadziwa dzina lawo lenileni. Onse amangoti a Mwetulirani, chifukwa ndi mawu amene akhala akuuza anthu kwa zaka makumi atatu ndi zinayi, diso limodzi lili pa kamera. Chodabwitsa n'chakuti eniakewo kumwetulira sakudziwa. Nkhope yawo imakhala ndwii ngati akuwerenga kalata yowachotsa ntchito, moti ana ena akauzidwa kuti amwetulire amayamba kulira.

Situdiyo yawo ndi kachipinda kopanikizika pakati pa ometa tsitsi ndi okonza mafoni. Mukalowa, kumanja kuli mpando wopanda choyedzamira, nsalu yabuluu kumbuyo kwake, ndi jekete limodzi lopachika pamsomali limene lavalidwapo ndi amuna osawerengeka ofunsira ntchito. Kumanzere kuli kompyuta ndi pulinta. Kumeneko ndi kwa mwana wawo wamkazi, mayi wa ana awiri, amene anabwera kudzathandiza bambo ake banja lake litatha.

Ntchitoyi anaiyamba nthawi ya filimu, akutsuka zithunzi mumdima mpaka zala kusuwa ndi mankhwala. Masiku amenewo ankanola pensulo n'kumafufuta ziphuphu za akwati kadontho kamodzikamodzi. Linali bodza ndithu, ndipo iwo sakana. Koma anali ndi lamulo limodzi limene sanaliphwanyepo: nkhope imene sanaione ndi maso awo sankaikhudza.

Chaka chatha mwana uja anabweretsa pulogalamu ya nzeru zochita kupanga, imene achinyamata amangoti AI. Mukaipatsa chithunzi chofufutika, musanathe n'kutsokomola komwe yabweza nkhope yowala mpaka tsitsi kuwerengeka. Makasitomala anaikonda. A Mwetulirani anaiyang'ana sabata yathunthu manja ali kumbuyo, kenako anafunsa.

"Kodi chinthu chakochi chimazitenga kuti zimene ine sindikuziona?"

"Sichiona, Bambo," anatero mwanayo. "Anachionetsa nkhope mamiliyoni ambirimbiri mpaka chinazolowera kuti mthunzi wotere kawirikawiri umakhala diso, pansi pa mphuno yotere pamabwera mlomo wotere. Ndiye pamene pafufutika chimadzazapo zimene zimakonda kukhalapo."

"Ndiye kuti chimalota."

"Chimaganizira. Koma chimaganizira bwino."

A Mwetulirani anabwerera ku kamera yawo. Mawuwo anangowasunga, ndipo ankawalasa ngati kamwala ka munsapato.

Tsiku limene anthu a mumsewumo amalikambabe linali Lachinayi. A Mwetulirani anabwerera masana kuchokera kokajambula ana asukulu, kumwamba kutada bii, n'kupeza pulinta ikulavula mapepala. Pampando paja panakhala mayi wachikulire, nsapato zili fumbi lokhalokha, maso ali psuu. Mayiwo sanawapatse moni. Ankangoyang'ana pulintayo ngati angaikankhe ndi maso.

Mwana uja anawanong'oneza nkhani yonse. Amuna a mayiwo anasowa Lachiwiri m'mawa. Anali ndi matenda oiwala, ndipo anatuluka m'nyumba akuti akupita kuntchito, chonsecho mabasi anasiya kuyendetsa zaka khumi ndi ziwiri zapitazo. Mankhwala awo a shuga anatsala patebulo. Chiphaso chawo chinali m'thumba la jekete limene anavala. Munthuyo kujambulitsa ankadana nako, moti chithunzi chokhacho chimene mayiwo anapeza chinali cha gulu paukwati wa mdzukulu, bambowo ali mzere wakumbuyo, mutu waung'ono ngati nyemba, komanso anatembenuka nthawi imene kamera inkalira. Achibale anali kudikira pa depoti kuti agawane mapepala mazana awiri mvula isanayambe.

A Mwetulirani anatola pepala limodzi. Pamwamba panali mawu akuluakulu akuti ASOWA, ndipo pansi pake nkhalamba yooneka bwino, ya maso achifundo, imvi zosalala, makutu ofanana ngati ogula m'sitolo. Anatenga chithunzi cha ukwati chija n'kuikapo galasi lawo lokulitsira. Munalibe maso. Munalibe mlomo. Munali chifunga chabe chovala jekete.

Anaika galasilo pansi.

"Imitsa pulinta."

"Bambo, atuluka makumi anayi okha."

"Ndati imitsa."

Phokoso litaleka, mayi aja anadzambatuka. "Chavuta n'chiyani? Yawonongeka?"

"Mayi, amenewa ndi amuna anu?"

"Ndi iwowo. Mwana wanuyu wandifunsa kale, ndavomera. Ine nditasiya kuwadziwa amuna anga?"

"Sindikukutsutsani. Ndikupempha mphindi ziwiri zokha." Anatembenukira kwa mwana wawo. "Bwezeramo chithunzi chomwecho. Chiyambirenso."

Mwanayo anawayang'ana ndi diso lakuti musandichititse manyazi pamaso pa kasitomala, komabe anadina. Kagudumu kanazungulira pa kompyuta. Panja mphepo inagwetsa chikwangwani cha ometa tsitsi. Kenako panatuluka nkhalamba, jekete lomwelo, imvi zomwezo, koma mphuno yotakata ndi masaya otupa.

"Bwerezanso."

Yachitatu inabwera ndi ndevu zochepa pachibwano ndi kampata kumano.

A Mwetulirani anaziika zonse zitatu moyandikana pa kompyuta. Mwana uja anagwira pakamwa, chifukwa iye ndi amene anafotokoza yekha kuti chinthucho chimaganizira, koma anali asanaganizepo kuti kuganizirako kungatumize anthu kukasaka munthu amene sanabadwe n'komwe.

"Mayi," anatero a Mwetulirani, "pa atatuwa, anu ndi ati?"

Mayiwo anayandikira. Chala chawo chinapita pa woyamba, n'kusuntha kupita pa wachitatu, n'kubwerera. Kenako mkwiyo unabwera, poti mantha akasowa kolowera amatulukira kumeneko.

"Mukundiyesa mayeso? Amuna anga agona panja masiku awiri opanda mankhwala, inu mukundisewera ndi zithunzi! Ndipatseni choyambacho, chikuoneka bwino. Chofufutikacho adzachiyang'ana ndani?"

Apa a Mwetulirani anagwira njakata, ndipo tisawanamizire kulimba mtima kumene analibe. Mayiwo sankalakwa. Pepala la chifunga anthu amalidutsa osacheuka. Mvula ikagwa achibale aja abalalika, ndipo ngati nkhalambayo ingapezeke itafa m'ngalande, mumsewu monse adzati wojambula uja anachedwetsa zinthu ndi makani ake. Kudina batani kunali kosavuta. Koma anaonanso m'maganizo mlonda wina ataima ndi pepala m'manja, akuyang'ana nkhalamba yanjala ili patsogolo pake, n'kupukusa mutu kuti si ameneyu. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Anatembenuza kompyuta kuti iyang'ane kukhoma. Kenako anakoka mpando n'kunena mofatsa, ngati mmene amalankhulira ndi mwana woopa kamera.

"Khalani pansi, Mayi. Tsinzinani. Ine ndili pamsika, anthu ali pikitipikiti, amuna anu sindinawaonepo. Ndiwadziwa bwanji?"

Mayiwo anakhala, akupumira m'mwamba. Anatsinzina.

"Khutu," anatero potsiriza. "Lakumanzere. Linadulidwa pamwamba ndi galasi, basi itagubuduzika kalekale."

Anatsegula maso, n'kutola pepala limodzi pa pulinta, n'kuyang'ana nkhalamba ya makutu awiri athunthu. Misozi inangoti mbwee.

"Zaka makumi anayi ndi zisanu ndakhala nawo. Khutu limenelo ndinkalitsuka ndine. Ndiye ndavomera bwanji munthu uyu?"

"Mumafuna kuwaona, Mayi. Chinthuchi chakupatsani zimene mumafuna. Pitirizani, nthawi yatha. China?"

Tsopano zinabwera mothamanga. Amakoka mwendo wakumanja. Jekete lakhofi, chigongono chake chosokedwa ndi ulusi wakuda. Dzina lawo sayankhanso, koma mukati "Adalaivala" amacheuka. Basi ikamabwerera m'mbuyo amaimika dzanja n'kumaiimbira likhweru. Mwana uja anatembenuzanso kompyuta n'kumalemba zala zikuwuluka, osadikira kuuzidwa. Chithunzi chofufutika anachichepetsa n'kuchiika pakona, mawuwo n'kuwakulitsa mpaka kudzaza pepala: KHUTU LAKUMANZERE LODUKA. MUKATI "ADALAIVALA" AMACHEUKA.

Mapepala makumi anayi oyamba aja a Mwetulirani anawang'amba okha, kuopa kuti wina angawatole. Atsopanowo anatuluka madontho oyamba akugunda malata. Mayiwo anawakumbatira pachifuwa, n'kuwafunditsa ndi juzi, n'kutuluka osatsanzika.

Mvula inagwa mpaka madzulo. Lachisanu kunalibe uthenga. A Mwetulirani anajambula anthu asanu ndi mmodzi tsiku limenelo ndipo anaiwala kuuza aliyense kuti amwetulire. Foni ya mwana wawo ikalira ankasiya kamera. Iye ndi bambo ake sanakambirane za nkhaniyo, koma masana anamupeza akulemba kapepala n'kukamata pamwamba pa kompyuta: "Ichi chimaganizira. Funsani mwini nkhope."

Loweruka m'mawa chitseko chinatseguka. Analowa mayi aja atagwira dzanja la nkhalamba yowonda, yokoka mwendo, bandeji ili pamkono pamene anailowetsera madzi kuchipatala. Anaipeza mlonda wa pamalo okonzera malole, kutsidya kwa tauni. Iye anati chithunzicho sanachione n'komwe, koma atawerenga mawu a papepalapo anakumbukira mkulu wina amene ankaimbira likhweru malole pageti, ndipo atamuitana kuti "Adalaivala" anacheuka.

A Mwetulirani anaiyang'anitsitsa. Sinkafanana ndi aliyense wa atatu aja.

"Ajambuleni," anatero mayiwo. "Zisadzachitikenso."

A Mwetulirani anaikhazika pampando, n'kuipendeketsa mutu pang'ono kuti khutu lija lioneke. Mwana wawo anafunsa ndi maso ngati chithunzicho chidutse pa kompyuta kuti achisalaze, ndipo anadziyankha yekha popukusa mutu. Chinatuluka mmene chinalili, makwinya, chipsera, diso limodzi lofiira.

Mayiwo anachipereka kwa amuna awo. Nkhalambayo inachigwira ndi manja awiri, n'kuchiyang'ana nthawi yaitali mwaulemu.

"Agogo amenewa ndi ndani?" inafunsa.

Mayiwo anachilandira, n'kupukuta ndi chala pamene panali khutu lija.

"Amenewa ndi anga," anatero. "Tiyeni kunyumba."