Tsiku Limene Annet Anatsanzika Mpopi

A Langton Mbewe ankakonza mapulaimasi pakhonde la sitolo ina ku Machipisa, m'komboni ya Highfield ku Harare, masiku a Chitaganya. Anali munthu wamfupi, wonunkha palafini kuyambira Lolemba mpaka Lamulungu, ndipo kasingano kotokosera pulaimasi sikankachoka kuseri kwa khutu lawo. Kwawo kunali ku Katete, koma anachokako ali mnyamata, pa lole yotenga anthu ofuna ntchito, osatsanzika ngakhale amayi awo. Amayiwo anamwalira patapita zaka zitatu asanaonanenso. Nkhani imeneyi ku Highfield sankaikamba, koma ku Katete ngakhale mbuzi zinkaidziwa.

Ku Harare anakwatira a Eneles, a mudzi woyandikana ndi wawo, n'kubereka mwana mmodzi yekha, Annet. Mwanayu ankamukonda mochititsa manyazi. Annet atakwana zaka zisanu ndi chimodzi, kunabwera kalata yochokera kwa a Lenox, mlongo wawo wa a Eneles. Pa Chichewa mwini mbumba ndi malume. Bambo, kaya agule nsapato zingati, ndi wodzangobereka. A Lenox analemba kuti amva zoti ana a m'tauni amalonjera akulu ali chiimire, manja ali m'thumba. Anati abwera mwezi wa Juni kudzaona okha, ndipo akapeza mwano amutenga mwanayo akakulire kumudzi. Kumapeto anawonjeza kuti munthu amene anathawa amake osatsanzika alibe mwambo woti n'kupatsa mwana.

A Langton anachita mantha, n'kukhala masiku awiri osadya. Kukwapula sankatha, ankati akatola kakamtengo, misozi inkayamba kulengeza kwa iwowo. Choncho anasankha nthano. Koma munthu wa zitsulo sakhulupirira chinthu chimene sangachigwire, ndiye nthano zawo zonse zinkafuna umboni.

Mwana amene anatchula wamkulu kuti "iwe", ankatero a Langton, anasanduka mpopi. Si uwo uli pakona, ukulirabe dontho limodzilimodzi mpaka lero? Anyamata amene anakana kugwada anauma mawondo n'kusanduka mizati ya mawaya. Mtsikana amene ankatsomphola chakudya m'manja mwa alendo ndiye bini ya kuseri kwa butchala, yongoyasamira zotaya. Ana a mumsewu wonse, a Chinyasa ndi a Chishona omwe, ankasonkhana pakhondepo kukamwa kuli yasa. Nthano imodzi yokha sinkafika kumapeto, ya mwana amene anachoka kwawo osatsanzika. Ana akafunsa kuti anasanduka chiyani, a Langton ankayamba kupopa pulaimasi mwamphamvu mpaka funsolo litamira m'phokoso.

Kuwongola mtengo n'poyamba, inde, koma uwu anauwongola mpaka unapindikira mbali inayo. Tsiku lina Annet anafunsa kuti mpopi uja wakhala pakona zaka zingati. Atate ake, osaganiza, anati makumi awiri. Mwanayo anawerenga zala n'kupeza kuti ngati zili choncho mpopiwo salinso mwana, ndi munthu wamkulu, ndipo wamkulu sapitiriridwa. Kuyambira tsikulo ankagwada pa mpopi, kuwomba m'manja, kufunsa mmene kwachera. Anzake anatengera. Mizati inayamba kutchedwa "agogo" ndi "sekuru". Mwana womutuma mchere m'mawa ankabwera nawo ndiwo zitapserera. Amayi a pa mzere wa madzi anatopa kudikira ana khumi amalize malonje, ndipo kutayamba kuzizira a Eneles anapeza mpango wawo watsopano utakulungidwa pa mzati wachitatu, amene akuti ankatsokomola.

A Eneles anawachenjeza amuna awo kuti aleke misalayi. A Langton anayankha kuti ulemu wochuluka sunaphepo munthu.

A Lenox anafika Lolemba, atavala jekete lakuda ndi chipewa. A Langton anawaikira mpando panja, ndipo Annet anatulukira ndi kandowa ka madzi.  Mwanayo anatula ndowa bwinobwino, n'kugwada pa mzati wa pakhomo, kuwomba m'manja katatu. Anatembenuka n'kulonjera bini ya oyandikana nawo. Atatha izi m'pamene anakwawira kwa malume ake, maso pansi, mawu ofatsa ngati a namwali wa pachinamwali. A Lenox anafunsa chifukwa chimene akhalira omaliza.

"Pepani amalume," anatero Annet. "Timayamba ndi akulu. Inu mumsewu muno mwangofika lero."

A Lenox anagamula madzulo omwewo. Anati mwanayo mwano alibe, koma mutu amusokoneza, ndipo zimenezo n'zoipa kuposa mwano. Basi ya kumudzi inkanyamuka pa siteshoni ya Musika kamodzi pa sabata, Lachinayi masana. Adzakwera naye imeneyo. A Eneles analira, koma mlongo sabwezeredwa mawu pa za mbumba yake. A Langton anangoyamba kupukuta pulaimasi yoyera kale.

Lachinayi m'mawa, kamtolo kali pamutu, Annet anagwada n'kupempha kuti akatsanzike akuluakulu. A Lenox akanakana bwanji, iwo amene analemba za kutsanzika ndi dzanja lawo? Anati achite msanga.

Mizati ya mumsewuwo inalipo makumi atatu ndi umodzi. Pa uliwonse Annet ankagwada, kunena kumene akupita, kupepesa ngati analakwapo, kenako n'kutsamiza khutu kudikira yankho, pakuti mwana sadzuka wamkulu asanayankhe. Mizati ina inkang'ung'udza msanga. Ina inali yogontha ndi ukalamba, yofunika kuibwerezera. Kumbuyo kwake kunali chigulu cha ana operekeza, onse chogwada, ndipo kumbuyo kwa anawo kunali a Lenox, kuyang'ana dzuwa n'kumatafuna mano. Bini inakana kuyankha mpaka mphepo itagwedeza chivundikiro. Pa mpopi panali maliro enieni, chifukwa mpopiwo unkadontha, ndipo ana anati agogo akulira. Pofika ku Machipisa dzuwa linali litapendeka, ndipo basi inali itapita kalekale.

A Langton anali pakhonde lawo. Anathawira kuntchito m'mamawa poopa kuona mwana akutuluka pakhomo. Annet anagwada pakati pa mapulaimasi, mawondo ali mbuu ndi fumbi.

"Atate, ndatsanzika onse, sindinasiye ndi mmodzi yemwe. Ndiye kuti ine sindisanduka kanthu, eti? Nanga uja anachoka osatsanzika uja anasanduka chiyani?"

Dzanja la a Langton linafika pa mpope wa pulaimasi, koma silinapope. Anayang'ana alamu awo, n'kuyang'ananso mwana.

"Anasanduka wokonza mapulaimasi ku Machipisa," anatero. "Amake anamudikira zaka zitatu. Mpaka lero sanapeze pokagwada."

Ana anaseka, poyesa ndi nthano. A Lenox sanaseke. Iwo anali atanyamula nawo maliro a amayi a Langton aja, ndipo zaka zonsezi ankakhulupirira kuti alamu awowa analibe mtima. Anavula chipewa, n'kukhala pa chitini cha palafini osaona kuti chikudetsa jekete. Kenako anati mwana wa akuluakulu ochuluka chonchi sangamusamutse munthu mmodzi, pangafunike lole ya boma yonyamula ndi mizati yomwe. Koma anati Lachinayi linalo sakwera okha. Manda a mayi aja akuwadziwa, ndipo pogwada palipo.

Sabata yotsatira a Langton anatseka bokosi la zitsulo n'kunyamuka ndi alamu awo. Annet anatsala ndi amake. Amene anali pa mzere wa madzi m'mawa umenewo amati amuna awiriwo podutsa pakona anavula zipewa, ndipo anatsala pang'ono kusiyidwanso ndi basi.