Fyuzi Inapsa Titanyamula Maliro

Munanyamulapo munthu wakufa pamsana? Ine ndanyamula sabata ino, dzuwa lili paliwombo, ndipo kuzizira kwake sikunachokebe pakati pa mapewa angawa.

Anali aYohane, mnzanga amene tinathawira naye limodzi ku Malawi nthawi ya nkhondo n'kubwerera limodzi. Anatisiya ali m'chipatala ku Metangula. Galimoto yopita kwathu ku Nkholongue mungaipeze kuti? Choncho tinachita monga timachitira. Tinawakulunga m'nsalu, kuwakhazika pa mota yanga, njinga yamoto ija, ngati wamoyo, mng'ono wawo aBarnaba n'kumanga chingwe, iwo n'kukhala kumbuyo kuwagwira. Akazi awo a malemuwo, Mayi Esitere, ankatitsatira pa mota ina.

Mota yanga mukuidziwa nonse. Ikamatsika phiri nkhuku zimathawa ku Chiwanga. Sinandichititsepo manyazi.

Koma titafika pamkuyu uja wa pamphambano, inangoti zii. Osatsokomola, osagwedera ayi. Kungozima ngati munthu waigwira pakamwa. Mphepo inalibe. Ngakhale nyenje zinali chete. Mutu wa aYohane unagunda pamsana panga, ngati akuti, ima pompano.

Ndisaname, tsitsi langa linaima.

ABarnaba anatsika maso ali psuu. “Akana! Achimwene akana kupita kumudzi. Alipo wawalodza, ndipo akumudziwa.” Polankhulapo sankayang'ana ine. Ankayang'ana mlamu wawo, Mayi Esitere, amene anali atangotsika pa mota inayo, zilundu zili m'manja.

Inu a m'mbali mwa nyanja muno mukudziwa tanthauzo lake. Maliro akakana njira, mawa lake mkazi amatuluka m'nyumba ndi kamtolo pamutu, ukonde ndi munda wa chinangwa n'kutsala ndi abale a mwamuna.

Ndinakuwa: “Barnaba, tseka pakamwa! Mota ndi yanga, iyamba yayankha kwa ine.”

Gazolina analimo m'thanki. Ndinapotoza kiyi, kanyale kobiriwira osayaka. Ndinadina hutala, chete. Pamenepo ndinadziwa. Nyale yokha ikafa, vuto ndi babu. Koma zonse zikafa nthawi imodzi, moto wadukira pafupi ndi bateriya.

Kuti nditsegule chivundikiro cha m'mbali, tinayenera kuwatsitsa aYohane. Tinawagoneka pamthunzi. Ndinkamasula ndi mpeni, koma kumbuyo kwangaku ndinkamva ngati wina akuyang'ana ntchito yanga.

Fyuzi ndinaipeza pawaya wofiira wochokera ku bateriya. Ndi kagalasi kochepa ngati usipa, m'kati mwake muli kawaya kaulusi. Nditakayang'anitsa padzuwa, kawayako kanali kataduka, galasi lada ndi mwaye.

“Ikanipo pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya, tizipita,” anatero mwini mota inayo.

Ndinamufunsa ngati akufuna tikafike ndi maliro awiri. Fyuzi siipsa popanda chifukwa. Imafa kuti mota yonse isayake. Ukaikapo chinthu chosapsa, chimapsa ndi iweyo.

Ndinalondola waya ndi chala mpaka pansi pa mpando. Ndi apo! Chingwe chomangira maliro chinadutsa pamwamba pa waya n'kumupanikiza kuchitsulo, mabampu n'kumusenda mpaka mkuwa kuonekera.

“Anamanga chingwechi ndani?” ndinafunsa.

ABarnaba anayamba kuyang'ana nyerere.

Ndinakulunga wayayo ndi mphira ya chubu, n'kutenga fyuzi yapadera imene ndimasunga m'chivundikiro momwemo. Ine sukulu ndinangoinunkhiza, koma nambala yolembedwa pa fyuzi ndimaifananiza ndi inzake ngati nkhope za mapasa.

Tsono mverani, chifukwa apa mpamene pagona nkhani. Mudzi nawonso uli ndi fyuzi yake. Imfa ikalowa, moto umayenda m'banja lonse, ndipo timafuna mmodzi woti apse kuti enafe titsale bwino. Timasankha woonda ngati kawaya kaja: wamasiye, nkhalamba yopanda ana, mkazi wochokera kutsidya. Akapsa timamutaya, osafufuza pamene waya wasendeka. Chaka chamawa wina apsanso. Kodi ndi angati amene tawathamangitsa chifukwa cha chingwe chimene tinamanga ndi manja athu?

Koma pali china chimene chikundisowetsa tulo. Tisanawakwezenso aYohane, Mayi Esitere anagwada pambali pawo n'kunong'ona: “Tiyeni kwathu, bambo. Mwanayo mwamuona.” Pamenepo mpamene ndinakumbukira. Kuseri kwa mkuyu umenewo, m'tchire, ndi kumene iwo ndi aYohane anaika mwana wawo woyamba, chaka chimene tinkathawa. Panalibe nthawi yoika mtanda.

Ndinapotoza kiyi. Kanyale kanayaka, mota inalira kamodzi n'kamodzi, nyenje nazo zinayambiranso.

AYohane tinawaika mawa lake. Mayi Esitere akadali m'nyumba mwawo, ndipo aBarnaba akandiona amadutsa kunsi kwa gombe.

Ine ndikuti chinali chingwe, ndipo ndibwereza pamaso pa aliyense. Fyuzi yopsayo ili m'thumba mwangamu, wofuna abwere adzaione. Koma msewu wonse uja, ndi mabampu ake onse kuchokera ku Metangula, n'chifukwa chiyani wayayo anadikira mpaka pamkuyu?