Madzi a mumtsuko wa amayi

Sukulu yathu inali ndi maikulosikopu imodzi yokha, ndipo inkakhala mu ofesi yokutidwa ndi chitenje kuopa fumbi. Tili Fomu 3, aphunzitsi athu a Bayoloje, omwe tinkangowatchula kuti Madamu, anatiuza kuti aliyense abwere ndi madzi akuda m'kabotolo, kaya a m'chithaphwi kaya a kudambo. Kenako anafunsa woti abweretse madzi abwino oti tiyerekezere. Ndinakweza mkono msangamsanga.

Ndinali ndi chifukwa. Mtsuko wa amayi unali wotchuka. Anthu ochokera ku Magaleta ankapatuka kwathu kudzapempha akumwa, poti madzi ake ankazizira ngakhale dzuwa litaswa mtengo. Mtsukowo sunkakhuthulidwa. Tinkangothira pamwamba madzi a pachitsime tsiku ndi tsiku. Amayi ankati ukatsuka mtsuko watsuka kukoma kwake.

Tsikulo tinaika maikulosikopu pazenera, chifukwa inkadalira kagalasi kolandira kuwala kwa dzuwa. Madamu anadontheza madzi a kudambo pa kagalasi kena, ndipo aliyense wosuzumira ankakuwa. Ine ndinkangomwetulira, kudikira anga.

Atadontheza anga, Madamu anasuzumira nthawi yaitali.

"Iwe, madziwa watunga kuti?"

"Mumtsuko wa kwathu, Madamu. Omwe timamwa."

"Tabwera udzionere."

Ndinatsinzina diso limodzi n'kupotoza kachitsulo ka pambali pang'onopang'ono. Poyamba ndinangoona chifunga. Kenako kanthu kooneka ngati patapata, kaubweya m'mbali monse, kanadutsa kakuzungulira. Kena katali ngati nyongolotsi kankadzipinda n'kudziwongola. Kachitatu kanali koonekera mpaka m'mimba, ndipo ndinakaona kakumeza timadontho tobiriwira. M'mawa umenewo ndinali nditamwa makapu awiri. Malovu anadzaza m'kamwa mwanga, ndinathamangira panja kukalavula.

"Eti kwanu simusaka ndiwo," anatero mnzanga wa pa desiki nditabwerera. "Mumangomwa basi!"

Kalasi yonse inafa nako kuseka. Madamu anawakhalitsa chete. Anati si tonse timeneti timadwalitsa, koma pomwe tikuswana chonchi, todwalitsa timakhalanso pomwepo. Ndinakumbukira amayi, omwe ankatsegula m'mimba pafupipafupi n'kumanamizira nandolo.

Kunyumba ndinakana kumwa madzi. Ndinawaonetsa amayi zomwe ndinajambula m'kope langa.

"Nanga patapatayu ndi wa yani?"

"Si patapata amayi, ndi kachilombo. Kali mumtsukomo."

"Kachilombo kosaoneka? Kodi sukuluyi ikukuphunzitsa kunyoza kwanu? Anthu onse amene amayamika madzi angawa ndi opusa?"

Sindikanatha kunyamula maikulosikopu kupita nayo kunyumba. Ndinakhala masiku awiri ndikumwa tiyi yekha, ndipo ndikamva amayi akugugudiza madzi, thupi langa linkachita nyansi ngati akumwa ndine. Tsiku lachitatu amayi anagonanso pamphasa atagwira pamimba. Ndinawagwadira.

"Amayi, tiyeni tingokhuthulira mtsukowu m'beseni loyera lija. Mukapanda kuona kanthu, sindidzayankhulanso."

"Ndipo udzamwa ndikuona," anatero.

Tinaupendeketsa awiri. Madzi oyamba anatuluka oyera mbee, moti amayi anandiyang'ana m'maso. Kenako kunabwera ndere zoterera ngati therere, fungo la chithaphwi, timphutsi tikuvinavina, ndipo pomaliza mphemvu ziwiri zofufuma, miyendo itathothoka. Izi sizinafune maikulosikopu.

Amayi analavula, n'kulavulanso. Sananene kuti ndinali kulondola. Anangolowa m'khitchini n'kutuluka ndi chitsononkho ndi phulusa.

"Kwecha. Ndipo amayi ako aang'ono asamve zimenezi, angandiimbire nyimbo pachitsime."

Ndinakwecha nditatseka mphuno ndi mpango, dzanja litalowa mpaka m'phewa. Zoterera zija zinalowa m'zikhadabo, ndipo usiku ndinadya ndi supuni.

Kuyambira pamenepo mtsuko umatsukidwa Loweruka lililonse, madzi timayamba tawiritsa, ndipo pakamwa pake timavundikira mbale. Amayi amadandaulabe kuti madzi owiritsawa akununkha utsi, kuti madzi awo aja anali ena. Koma nandolo anasiya kumunamizira. Ine ndinapempha Madamu kuti ndibweretsenso kabotolo kena ka madzi a mumtsukomo. Nditasuzumira ndinapotoza kachitsulo uku ndi uku, ndinangoona kuwala kwa dzuwa ndi kachitsotso kamodzi kosayenda.