Masika Amene Bulu Analira ku Magodi

Belu lake linali chitini cha mkaka chokhala ndi msomali wolendewera mkati. Analipanga ndi amayi, n'kumumangirira m'khosi ndi kansalu ka chitenje chakutha, ngakhale kuti bulu ameneyo sankapita kutali koti n'kusochera.

Atate anabwera naye masika amene ng'ombe yathu imodzi ya pagoli inafa. Kwathu ku Magodi ulemu wa mwamuna uli m'khola la ng'ombe, choncho anthu anaseka. Odutsa pa njinga ankapereka moni kwa atate, kenako wina kwa buluyo. Ine ndinkachita manyazi kwambiri. Lero ndimaona kuti atate ankangofuna kuti mtedza uchoke kumunda chiswe chisanaulowe.

Amayi sanali a kuno. Anachokera ku Angonia, ku Mozambiki, akuthawa nkhondo ali mtsikana, ndipo za kumeneko sankazikamba. Pagulu ankayankhula Chitumbuka mosamala, ngati munthu wowoloka pa ulalo wa mtengo umodzi.

M'mawa woyamba buluyo analira, kulira kwake kosasa kuja kokhala ngati akukoka mpweya ndi chingwe. Amayi anali akupeta chimanga. Lichero linangoima m'manja mwawo, nkhuku zikutola pamapazi pawo osazipirikitsa.

"Kwathu kunkacha chonchi," anatero, osayang'ana munthu.

Kuyambira tsiku limenelo bulu anakhala wawo. Ankamupatsa gaga ndi masamba a mtedza, kumuchotsa nkhupakupa m'makutu, ndipo chitenje chawo chinayamba kununkha fumbi ndi thukuta la nyama. Akamamupukuta msana ankayankhula naye Chichewa chawo chakwawo, chofulumira, chimene ife sitinkachimva kawirikawiri. Ine ndinkakhala pa mpanda n'kumatola zogwa. Ndinamva za mapiri a nkhungu, za kuzizira kong'amba milomo, ndi za agogo, atate awo, amene ankasenzetsa abulu mbatata ya kachewere kupita nayo kumsika wa kumalire. Tsiku lothawa, agogo anamasula abulu onse kuti asafere pa chingwe. Mmodzi anawalondola mpaka kumtsinje, n'kuima kutsidya akuwayang'ana. Agogo anabwerera kukatenga agogo aakazi, ndipo amayi anapitirira ndi anthu ena. Nkhani inkathera pamenepo nthawi zonse.

Koma bulu anakana kukoka ngolo limodzi ndi ng'ombe. Ankangoima njii, makutu ali m'mbuyo, kaya umukwapule. Atate anaganiza zomusinthanitsa ndi mbuzi. Madzulo ena, tikusenda mtedza pakhonde, amayi anagwada pambali pawo. Sindikumbukira kuti anawapemphapo china chilichonse m'moyo wawo.

"Abambo, musiyeni mpaka mvula igwe."

Atate anawayang'ana nthawi yaitali, chikhatho chili chodzaza makoko.

"Kodi mukufuna bulu, kapena mukufuna kwanu?"

Atate sanafunsenso. Anali munthu wouma pakamwa, koma tsopano ndimadziwa kuti funso limenelo linali chikondi chonse chimene ankatha kuchitchula. Mtedza utagulitsidwa, anakweza amayi pa njinga mpaka ku boma la Lundazi, n'kuwasiya m'basi ya ku Chipata kuti akaone kwawo ku Angonia. Ine anandisiyira ntchito yodyetsa bulu. Ndinkaigwira monyinyirika, ndikumuimba mlandu kuti ndiye wandichotsera amayi.

Amayi anabwerako mvula yoyamba itagwa, nthaka ikununkhira, inswa zili mbuu pabwalo. Anali ataonda, atanyamula kathumba ka mbewu ya kachewere imene sinabereke m'nthaka yathu yotentha. Ndinawamva akuuza atate motsitsa mawu kuti pamene panali nyumba yawo pali munda wa munthu wina, ndipo manda a agogo onse awiri anawalozera ndi anthu achilendo. Atate anangoti pepani.

Ine ndinali ndi funso langa limene ndinalisunga nyengo yonseyo. Ndinawakoka chitenje n'kufunsa ngati anamupeza bulu uja wa kumtsinje.

Anandisisita m'mutu. "Ndinapeza ambiri, mwanangu, koma palibe amene anandidziwa."

Ndinawauza kuti asadandaule, abulu ndi nyama zoiwala msanga. Amayi anaseka pang'ono, n'kupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. Ndinapita kukasewera m'matope ndili wokondwa kuti ndawatonthoza, ndikuganiza kuti ankanena za abulu.