Njinga yanu ndi ngalande ya ababa

Achimwene a Yusufu, lero chakwana chaka chitisiyireni, ndipo ababa anasowanso m'mawa. Tawapeza ku sikimu ya mpunga ya Likangala ataima m'mphepete mwenimweni mwa ngalande, madzi ali tho ndi mvula ya dzana. Ndakumbuka tsiku lija, mutu wawo utangoyamba kusokonekera, munawakweza pa njinga yanu, pa kaliya, n'kumapalasa pang'onopang'ono m'kanjira ka m'mbali mwa ngalandeyo, ine ndikutsatira wapansi. Dzina langa anali ataliiwala kale, koma pokhota paja analoza n'kunena kuti, "Apa tinakumba ndi makasu tili anyamata, matope mpaka m'chiuno. Kuno kunalibe mpunga." Inu munaseka n'kuti, "Gwirani zolimba ababa, mungatigwetsere m'ntchito yanu yomwe." Tsiku limenelo anadya bwino, osafunanso kuthawa.

Njinga ija ndaipopa. Mawa ndiyesa kuwakweza ndekha, ngakhale kanjirako n'kopapatiza ndipo sindinanyamulepo munthu. Koma chimene ndikuopa kwambiri n'choti akaona msana wanga afunsa kuti Yusufu ali kuti. Timawauza, amaiwala, ndipo nthawi iliyonse amalira ngati akumva koyamba.