Clive Ackroyd ndi Mkamwini Amene Anamulanda Nyimbo

Clive Ackroyd ndinadziwana naye tili kupulayimale kuno ku Marsthorpe, ndipo chiyambire sindinamumvepo akuyamikira munthu popanda kuwonjezera "koma". Ntchito yake inali yonyika ulusi mu utoto pafakitale ya makapeti, ndipo fakitaleyo itatsekedwa anayamba kugawa makalata. Koma mukanafunsa aliyense m'tauni muno kuti Clive ndi ndani, za makapeti kapena makalata simukanazimva. Akanangoti, "Uja woyambitsa nyimbo kuseri kwa golo."

Timu yathu, Marsthorpe Town, ndi yongokwera n'kutsika m'maligi a m'munsi. Komabe Loweruka lililonse, 3 koloko ikamakwana, Clive ankaima pamalo ake, dzanja limodzi lili m'thumba la chijasi, n'kutsokomola kamodzi. Anthu zikwi ziwiri ankadikira chitsokomolo chimenecho. Akangoponya mawu oyamba, khamu lonse linkalandira. Nyimbo zambiri anazipeka yekha akuyenda ndi chikwama cha makalata, ndipo ufumu umenewu anakhala nawo zaka makumi atatu popanda woupikisa.

Ine ndine Noel. Ndimayendetsa basi ya masapota timu ikamakasewera koyenda, choncho zambiri za nkhaniyi ndinazionera pagalasi loonera kumbuyo.

Clive ndi mkazi wake Bev ali ndi mwana mmodzi yekha, Joanne. Joanne anakwatiwa ndi Darren Pilling, wokhoma madenga, mwamuna wamtali woseka ndi aliyense. Clive yemweyo ndi amene anamutengera Darren kuseri kwa golo, n'kumuimika pambali pake, n'kumuphunzitsa nyimbo zonse, ngakhale zakale zomwe ena anali ataziiwala.

"Mawu ali nawo," anandiuza nthawi imeneyo, "koma alibe mpweya. Sangafike patali."

Ufa woyera wa kokeni unalowa m'basi mwanga mwakachetechete. Kale anthu ankakwera ndi zitini za mowa ndi mapayi a nyama, ndipo tikayenda maola awiri theka la basi linkakhala likuliza mkonono. Kenako zinthu zinasintha. Tikangonyamuka 8 koloko m'mawa, pakachimbudzi ka kumbuyo pamakhala mzere. Amuna awiri akuluakulu ankalowa limodzi m'kachipinda komwe munthu mmodzi amavutika kutembenuka, n'kutuluka akupukuta mphuno, maso ali tuzu, akuyankhula onse nthawi imodzi. Kokeni, yemwe kale tinkati ndi wa anthu olemera a ku London, tsopano ankakokedwa ndi omanga nyumba, ogulitsa magalimoto, ngakhale mphunzitsi wina amene sindimutchula. Ankatapa ndi nsonga ya kiyi wa nyumba. Darren anali m'gulu lomwelo.

Ndipo ufawo unamupatsa Darren chimene Clive ankati alibe. Ankaimba kuchokera pa Marsthorpe mpaka kufika kubwalo la eni ake, n'kuimba mphindi zonse makumi asanu ndi anayi, n'kuimbanso pobwerera. Clive anali atakwanitsa zaka makumi asanu ndi limodzi, ndipo chigawo chachiwiri chikafika pakati mawu ankamuthera.

Tsiku lina tikusewera kwathu, tikutsalira ndi chigoli chimodzi, Clive anatsokomola n'kuyamba nyimbo. Mawu anasweka pakati ngati tambala wachimfine. Wina kumbuyo anakuwa, "Madala, batire latha!" Anthu anafa nacho chiseko. Darren anakwera pachitsulo chotchingira, anagwira phewa la Clive kuti asagwe, n'kunena, "Apongozi, pumulani kaye, tikugwirireni." Anatambasula manja n'kuipitiriza nyimbo ija, ndipo bwalo lonse linamulandira. Timu inabweza chigoli nyimboyo ili mkati.

Wina anajambula zimenezi pafoni n'kuziika pa intaneti. Pofika Lachitatu anthu ambirimbiri anali ataonera, ndipo pansi pake panalembedwa kuti "nyimbo ya Darren". Clive ankaonekamo phewa lokha, lija logwiridwa lija.

"Nyimbo imeneyo ndinaipeka ine iye asanabadwe," anandiuza tikumwa tiyi kudimba kwake, komwe amalima mbatata ndi anyezi. "Ndipo si iye akuimba. Ukuimba ndi ufa."

"Ufa ulibe pakamwa, Clive."

"Ndiye ukumuikira kumbuyo?"

"Ndikungonena kuti mnyamatayo amaimba bwino."

Sanandiyankhule sabata yathunthu. Kunyumba nako sikunali kothawira. Pankhomaliro ya Lamlungu, Bev ankayamba kumugawira Darren nyama, Joanne n'kumaonetsa aliyense kanema uja. Clive ankangodula mbatata yake tizidutswa ting'onoting'ono osadya.

Chaka chimenecho nkhani ya kokeni m'mabwalo a mpira inali paliponse. Ndewu zinachuluka, ndipo amayi osesa m'zimbudzi za pabwalo ankadandaula kuti akamapukuta pamwamba pa mathanki nsalu imayera. Bungwe la masapota linaitanitsa msonkhano muholo ya kalabu Lamlungu masana. Namwino wina, mayi Pritchard, amene amathandiza anthu ogwidwa ndi mankhwala ozunguza bongo, anati boma lingowaloleza mankhwalawa n'kumawayang'anira ngati mowa, chifukwa anthu akufa ndi ufa wosakanizidwa ndi zinthu zosadziwika, ndipo odwala amaopa kupita kuchipatala poopa apolisi. Wapolisi wina wopuma ntchito anati zimenezo n'kutsegulira fisi khola. Anthu anagawanika, ena akukuwa, ena akumenya matebulo.

Kenako Clive anaimirira. Anayankhula za mmene ankabwerera kumpira ndi bambo ake, za mabanja omwe asiya kubwera chifukwa choopa amuna otuzula maso, za nyimbo zomwe kale zinkachokera mumtima osati m'mphuno. Anayankhula bwino, ndisaname. Anthu anawomba m'manja nthawi yaitali, ndipo nyuzipepala ya m'tauni inatulutsa chithunzi chake. Anagula makope asanu.

"Zonse wanenazo n'zoona," ndinamuuza tikutuluka. "Koma ufawo ukanakhala woti munthu akakoka amasowa mawu, bwenzi iwe ukumugulira Darren ndi ndalama zako."

"Noel, pakamwa pako mpoipa," anatero. Koma sanakane.

Patapita milungu itatu tinanyamuka ulendo wa kumpoto. Clive, yemwe nthawi zonse ankakhala pakati pa basi, tsiku limenelo anakhala mpando wakutsogolo, botolo la tiyi lili pamwendo. Titaima pamalo opumira apaulendo kuti anthu agule chakudya, apolisi anali akutidikira kale ndi agalu awiri onunkhiza. Anatitsitsa tonse n'kutiimika pamzere pamvula. Galu wina anadutsa anthu khumi, anafika pa Darren, n'kukhala pansi. M'sokosi mwake munapezeka timapaketi tiwiri. Anagwidwa anthu asanu ndi mmodzi. Ndinayang'ana Clive: ankathira tiyi m'chivindikiro cha botolo, ngati palibe chimene chikuchitika. Ndinadziwa pomwepo amene anaimbira foni apolisi, koma ndinasunga pakamwa.

Khothi linamulipitsa Darren chindapusa n'kumuletsa kulowa m'bwalo lililonse la mpira kwa zaka zitatu. Kampani yomwe inkamupatsa ntchito yokhoma madenga a masukulu inamusiya itangowerenga dzina lake m'nyuzipepala. Joanne anayamba kugwira ntchito ziwiri.

Loweruka lotsatira Clive anafika msanga pabwalo, atameta, atavala sikafu yatsopano. Anaima pamalo ake, anatsokomola, anayamba nyimbo. Tinamulandira anthu okwana mwina makumi atatu, tonse a imvi. Achinyamata anangomuyang'ana, kenako anayamba yawo, yotchula dzina la Darren, yoti amumasule abwerere kubwalo. Anaiimba masewero onse. Nyimbo yake inali ya Clive yemwe, anangosintha mawu.

"Munthu kulibe, koma akuimbabe," anatero Clive pa nthawi yopumula, payi ikumuzizirira m'manja.

Darren atakhala pakhomo anayamba kukoka kwambiri kuposa kale, osati Loweruka lokha. Mphuno inayamba kutuluka magazi, anaonda, ndipo tsiku lina anakomoka ali pamakwerero panyumba ya munthu. Joanne anamutengera kwa mayi Pritchard aja. Zinatenga chaka ndi miyezi, kugwa ndi kudzuka, koma anasiya. Atasiya anayamba kuyankhula, ndipo anthu anapeza kuti kukamwa kwake n'kokoma ngakhale popanda ufa. Anamuitana pawailesi ya m'chigawo, kenako pawailesi ya kanema. Ankanena poyera kuti iye ali mbali ya ofuna kuti malamulo asinthe, chifukwa akanapanda kuopa kumangidwa akanapempha thandizo kalekale. Ena ankamutukwana, ena ankamuimitsa mumsewu kuti ajambulitse naye.

Clive ankazimitsa kanema Darren akangotulukira, Bev n'kuyatsanso.

"Taona," anandiuza, "akamakoka ufa, ngwazi. Akasiya ufa, ngwazi. Ine amene sindinakokepo chibadwire, ndani anandiitana pa kanema?"

Bungwe la masapota linachititsanso msonkhano wachiwiri, ndipo mlendo wolemekezeka anali Darren. Holo inadzaza mpaka ena anaima m'mawindo. Joanne ndi Bev anakhala kutsogolo, ine ndi Clive kumbuyo. Darren anafotokoza zonse osabisa, mpaka za magazi papilo. Chakumapeto wina anamufunsa ngati amamusungira chakukhosi munthu amene anawatsina khutu apolisi.

"Sindikumudziwa," anatero Darren. "Anandivutitsira banja, zimenezo n'zoona. Komabe mwina pakanapanda iyeyo bwenzi ndikukokabe, kapena ndili kumanda. Ndiye kaya ali kuti, ndikuti zikomo."

Anthu anawomba m'manja, ena akupukuta misozi. Ndinamva Clive akusuntha pampando. Ndinamugwira chijasi. "Khala pansi, aise," ndinamunong'oneza. Koma m'manja monsemo mukuwombedwera munthu wosadziwika, pamene munthuyo ali pompo, Clive sakanapirira. Anandichotsa dzanja n'kuimirira.

"Ndine!" anakuwa ndi mawu ake akale aja. "Ndinaimba foni ija ndine. Ndinamupulumutsa ndine!"

Palibe anawomba. Joanne anatembenuka n'kuwayang'ana bambo ake nthawi yaitali.

"Ababa," anatero, osakweza mawu, "miyezi yonse ija ndinkalira pakhitchini panu, inu mukundithirira tiyi, munkadziwa?"

Joanne anatola chikwama chake n'kutuluka, Bev pambuyo pake. Bambo wina pafupi nafe anati, "Kugulitsa mkamwini chifukwa cha nyimbo, madala? Manyazi mulibe?"

Joanne anakhala chaka osaponda pakhomo pa makolo ake. Bev ankaphika, kumuikira Clive patebulo, iye n'kukadyera kuchipinda china. Kuseri kwa golo anthu ankamusiyira malo aakulu mbali zonse ngati ali ndi nthenda yopatsirana, mpaka anangosiya kupitako.

Amene anathetsa nkhaniyi ndi Darren. Anapita kudimba tsiku lina m'mawa, ine ndilipo, anavula jekete n'kuyamba kuthandiza kukumba mbatata. Atadzaza ndowa anati, "Apongozi, Lamlungu mubwere kunyumba kudzadya. Joanne ndamunyengerera, wavomera."

"Ndiye wandikhululukira?" anafunsa Clive, maso ali pansi.

"Kalekale."

Darren atapita, Clive anaponya fosholo pansi. "Wamuona? Tsopano tauni yonse imva kuti wakhululuka. Ngakhale pamenepa wandiposa." Koma Lamlungu anapita, atanyamula thumba la anyezi, ndipo Joanne anamulandira, ngakhale kuti mpaka lero amayankhula naye mwaulemu wa mlendo.

Malamulo sanasinthe, ndipo mkangano uja ukupitirira. Mayi Pritchard akunenabe zawo, wapolisi wopuma uja akulembabe makalata kunyuzipepala. M'basi mwanga ndinakhoma kachimbudzi kaja ndi loko, ndiye anyamata amangodikira tikaima panjira. Chiletso cha Darren chinatha, ndipo tsiku lomwe anabwerera pabwalo anamunyamula m'mwamba. Amaimba bwinobe, koma masiku ano naye chigawo chachiwiri mawu amamuthera. Nditamuuza Clive zimenezi anaseka mpaka kutsamwa, kuseka komwe ndinali ndisanakumve kwa zaka.

Clive anapeza kwina. Timu ya amayi ya m'tauni muno imasewera Lamlungu m'mawa pabwalo la paki, oonerera osapitirira makumi anayi, ambiri mwa iwo amuna awo ndi agalu. Clive amaima pafupi ndi mbendera ya pakona, ndipo wawapekera kale nyimbo zisanu ndi ziwiri, osewera aliyense wodziwika ndi yake. Amayiwo amamukonda, amamutcha agogo, amamubweretsera makeke.

Sabata yatha ndinapita kukamuonera. Pa nthawi yopumula ndinamuuza kuti Darren wamva za nyimbo zatsopanozi ndipo akufuna adzabwere tsiku lina kudzathandiza kuimba.

Clive anasiya kutafuna keke. Anayang'ana uku ndi uku, n'kundikokera pafupi.

"Akakufunsa," anatero, "umuuze kuti timayamba 2 koloko masana."

Masewerowo amatha 12 koloko.